Foni ikalemba asayinimenti, nanga digiri ndi ya yani?

Tsiku lina madzulo ndidatsikira ku Chikanda kukasiyira mwana wa mlongo wanga kathumba ka ufa ndi nyemba. Mnyamatayu ali chaka chachiwiri pa imodzi mwa sukulu zaukachenjede za muno m'Zomba, ndipo amachita lendi kachipinda pamodzi ndi mnzake. Magetsi adali atazima. Ndidamupeza ali pamkeka, foni ikumuwalitsa kumaso, pambali pake pali funso la asayinimenti lakuti afotokoze mmene kuphwa kwa nyanja ya Chilwa kumakhudzira anthu okhala m'mbali mwake. Adandionetsa kamkombero kabuluu ka mu WhatsApp, kolowera ku pulogalamu ya AI yoyankha mafunso, n'kulembamo funsolo mmene lidalili. Ndisanavule n'komwe nsapato yachiwiri, yankho lidali litafika kale: ndime zisanu ndi imodzi, Chingerezi chosalala ngati cha m'buku, kumapeto kwake mayina a mabuku asanu.

"Amalume," adatero, "ndikawerenga zimenezi n'kuzilembanso m'mawu anga, ndiye kuti ndabera kapena ayi?"

Ndidayasama kuti ndiyankhe, mawu osatuluka. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikulitembenuza funsoli, chifukwa likusautsa mayunivesite padziko lonse kuyambira kumapeto kwa 2022, ndipo kuno kwathu limalemera mwapadera. Zomba ndi tauni ya mayeso. Likulu la MANEB lili konkuno. Chancellor College idasamukira ku Chirunga mu 1973 kuchoka ku Chichiri, ndipo pamene makoleji ena adaima paokha mu 2021, iyo ndiyo idatsala ndi dzina la University of Malawi. Panjira ya ku Liwonde pali Domasi, kosulira aphunzitsi a m'masekondale. Mayi wogulitsa mandasi pa Chikanda, wakabaza wa ku Matawale, mwini nyumba za lendi ku Chinamwali, onsewa amadya chifukwa makolo m'dziko muno amakhulupirira kuti pepala lochokera ku Zomba lili ndi tanthauzo. Tidaona mu Novembala 2020 zimene zimachitika chikhulupiriro chimenecho chikagwedezeka: mayeso a MSCE adathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala adabedwa n'kumayenda m'mafoni, ndipo ana osalakwa adakalembanso kumayambiriro kwa 2021.

Koma kubera kumene tidakuzolowera kudali ndi thupi. Likasa limagwirika, kaya ndi kapepala ka m'sokosi kaya zolemba pantchafu. Wokopera pa intaneti amasiya mapazi, ndipo pulogalamu ngati Turnitin imangoyerekeza ntchito ya wophunzira ndi zimene zidalembedwa kale, n'kuloza kuti ndime iyi yachokera apa. Ngakhale wolipira mnzake kuti amulembere, malonda amene adakula kwambiri ku Kenya mpaka dziko la England kuwaletsa ndi lamulo mu 2022, amasiya mboni: pali wina wodziwa chinsinsi, pali ndalama yomwe idayenda. Zimene ndidaona pamkeka paja zilibe gwero loti n'kuliloza. Mukafunsa funso lomwelo kawiri, mayankho amabwera awiri osiyana, ndipo onsewo sadalembedwepo ndi munthu aliyense.

Chimene chili m'foni muja

Ndikanena kuti "mutu umodzi susenza", aliyense amalizitsa kuti "denga". Simudayambe mwaganizira za nsungwi ndi udzu. Mawuwo angotuluka chifukwa mudawamva kambirimbiri. Mapulogalamu amene tikuwatchula kuti AI amagwira ntchito mofanana ndi zimenezi, kungoti pamlingo woopsa. Amawadyetsa zolembedwa zankhaninkhani, mabuku, nyuzipepala, masamba a pa intaneti, kenako n'kuwaseweretsa masewera amodzi: kubisa mawu otsatira kuti makinawo alote, akaphonya n'kuwakonza pang'ono, kubwereza zimenezi kosawerengeka. Njira yomangira makina otere, yotchedwa transformer, adaifalitsa ndi akatswiri a ku Google mu 2017. Pamwamba pake amalemba anthu ntchito yosankha mayankho abwino ndi oipa, kuti makinawo aphunzire kuyankha mwaulemu ngati munthu wothandiza. Kampani ya OpenAI idatsegulira anthu onse ChatGPT pa 30 Novembala 2022, ndipo pomatha miyezi iwiri akuti ogwiritsa ntchito adali atafika 100 miliyoni. Pambuyo pake padabwera Gemini ya Google, Copilot ya Microsoft, DeepSeek ya ku China ndi ena.

Kwa ife tsiku lalikulu lidafika mu Epulo 2024, pamene kampani ya Meta idaika pulogalamu yake ya Meta AI mu WhatsApp ndi Facebook m'mayiko ochepa kunja kwa America, Malawi ali momwemo pamodzi ndi Zambia, Zimbabwe, Uganda, Ghana ndi ena. Kuyambira pamenepo sipafunikanso laputopu kapena khadi la kubanki. Foni yomwe mayi amatumizirapo uthenga wa maliro ndi yomweyo imene ikulemba ndime zisanu ndi imodzi za nyanja ya Chilwa.

Popeza ntchito ya makinawa ndi kulota mawu oyenerera pamalopo, chimene amachidziwa bwino ndi maonekedwe a yankho. Amadziwa kuti nkhani ya kuyunivesite imatha ndi mndandanda wa mabuku, kuti dzina la wolemba limatsatidwa ndi chaka, kuti chaka chimatsatidwa ndi mutu. Akasowa buku lenileni amapanga lawo, dzina la katswiri weniweni n'kulilumikiza ku mutu womwe sadaulembepo, ndipo amachita izi ndi mawu odekha omwewo amene amanenera zoona. Ena mwa mapulogalamuwa masiku ano amatha kufufuza pa intaneti asanayankhe, zomwe zachepetsako vutoli koma silinathe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mu Juni 2023 bwalo la milandu ku New York lidalipitsa maloya 5,000 dola chifukwa adapereka kwa woweruza milandu isanu ndi umodzi imene ChatGPT idangopeka, pa mlandu wokhudza kampani ya ndege ya Avianca. Mu Januwale 2025 bwalo lalikulu ku Pietermaritzburg, ku South Africa, lidapeza kuti yambiri mwa milandu imene maloya ena adaitchula sikupezeka paliponse, ndipo lidawatumiza ku bungwe loona za khalidwe la maloya. Awa ndi anthu a madigiri awo kale. Ndikaganiza za ophunzira zamalamulo a pa Chirunga, amene mawa adzaimirire mayi wolandidwa munda, nkhani ziwirizi zimandisowetsa tulo.

Palinso mbali imene imatikhudza ife kuposa anzathu a ku London. Makinawa amakhuta zimene zidalembedwa kwambiri pa intaneti, ndipo za Malawi zilipo zochepa, za m'Chichewa, Chiyao ndi Chilomwe n'zochepetsetsa. Mukawafunsa za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse amayankha zolondola kawirikawiri. Mukawafunsa mmene lamulo la malo a m'midzi la 2016 limakumanirana ndi chikamwini kwa Mwambo kapena kwa Kuntumanji, sanena kuti pamenepa tafooka; amadzaza mpatawo ndi zimene zimachitika ku mayiko ena, n'kungoikapo dzina la Malawi. Wophunzira wa chaka choyamba sangaone msoko wake, chifukwa kuti uzindikire bodza la makina umafunika kudziwa kale chinthu chomwe ukufunsacho.

Anawa sakuthamangira kumeneku chifukwa cha ulesi wokha, ndipo amene amanena choncho sadakhalepo nawo pansi. Buku lofunika limakhala limodzi kapena awiri mulaibulale, olifuna gulu lonse. Mphunzitsi mmodzi amayang'anizana ndi mazana a ophunzira, ndipo wamanyazi wochokera kusukulu yoyendera ya kumudzi sangakweze mkono kunena kuti sadamve. Makina saseka funso la munthu, ndipo amayankha ngakhale pakati pa usiku. Kumbuyo kuli ngongole ya boma yolipirira sukulu, mantha olemba sapu, ndi makolo amene adagulitsa mbuzi. Pamwamba pa zonsezi pali Chingerezi, chomwe kwa ambiri ndi chiyankhulo chachiwiri kapena chachitatu. Ngakhale ku Britain, kumene mabuku ali mbwee, kafukufuku wa bungwe la HEPI adapeza mu 2025 kuti ophunzira 92 pa 100 alionse amagwiritsa ntchito AI, ndipo 88 pa 100 amaigwiritsa ntchito pa zinthu zochongedwa, pamene chaka chapitacho adali 53 okha.

Malire ali pati

Munda ukhoza kulimitsa ganyu, chimanga n'kukhalabe chako, chifukwa chofunika m'munda ndi chimanga. Asayinimenti si chimanga. Mphunzitsi sakusowa nkhani ya nyanja ya Chilwa. Adawerenga zambiri zoposa imene mwana wa chaka chachiwiri angalembe. Akapereka ntchitoyo amafuna kuti m'mutu mwa wophunzira muchitike kanthu: asakesake, asokonezeke, asankhe mfundo yotaya ndi yosunga, aone kuti ndime yake yachitatu ikutsutsana ndi yoyamba. Thukuta limenelo ndilo phunzirolo, ndipo pepala ndi umboni chabe wakuti thukuta lidagwa. Dzina likalembedwa pamwamba pa pepala, mwini wake akulonjeza kuti maganizo ali m'munsimu adadutsa mwa ine, ndipo ndikhoza kuwaikira kumbuyo. Malikisi amasanduka digiri, digiri n'kusanduka chilolezo choimirira kutsogolo kwa ana 80 m'kalasi, kuwerengera ndalama za boma, kapena kuyeza madzi amene mudzi wonse umwe. Wonamizidwa weniweni ndi mwana wa m'kalasi uja ndi womwa madzi uja, amene sadzadziwa n'komwe.

Tikaima pamenepa, zina zimaoneka msanga. Kufunsa makina kuti akufotokozere mwachidule mfundo imene yakuvuta m'kalasi, kapena kuti akufunse mafunso pokonzekera mayeso, kuli ngati kufunsa mnzako wanzeru pansi pa mtengo, bola ukatsimikize m'buku. Kutenga yankho lonse n'kulembapo dzina lako ndi kubera, ndipo palibe wophunzira amene sadziwa zimenezi mumtima mwake. Kupeka mayankho a anthu amene sudacheze nawo pa kafukufuku wa chaka chomaliza, n'kunena kuti udapita ku Jali kapena ku Mayaka pamene udali pabedi, ndiko kuipitsitsa, chifukwa bodza limenelo limakalowa mulaibulale, wina adzalitchula, mapeto ake lidzafika pa tebulo la opanga ndondomeko za boma.

Povuta ndi pakatipa, ndipo funso la mphwanga lidagwera pomwepo. Kulembanso m'mawu ako zimene makina aganiza kumasintha chikopa chokha; mafupa ake, kutanthauza mfundo zosankhidwa ndi mmene zasanjidwira, amakhalabe a makina. Ine ndimati kumeneko n'kubera ndithu, ngakhale pasapezeke chiganizo chimodzi chofanana. Koma tiyeni titembenuze. Mtsikana wa ku Chingale waganiza yekha, wapeza mabuku yekha, walemba yekha m'Chingerezi chopunduka, kenako wapempha makina kuti amuwongolere galamala. Mnzake amene adaphunzira sukulu yolipira ya m'tauni, amene bambo ake amamuwerengera ntchito asanapereke, wakhala akulandira thandizo lomwelo kuyambira kale popanda womutcha wakuba. Pamenepa mtima wanga uli ndi mtsikana wa ku Chingale. Komabe ngati phunzirolo ndi la kalembedwe ka Chingerezi, galamalayo ndiyo ikuyesedwa, ndipo thandizo lomwelo lasanduka likasa. Ndiponso makina akamawongola samangokonza. Amasintha mawu, amawonjezera mfundo, ndipo pofika kachitatu mwini wake sathanso kuloza pamene pathera iye ndi pamene payambira makina.

N'chifukwa chake lamulo limodzi lokwanira maphunziro onse silingatheke. Mphunzitsi wa masamu, wa mbiri yakale ndi wa zamakompyuta akuyesa zinthu zosiyana, ndipo aliyense ayenera kulemba pa pepala la funso lomwelo kuti apa mwaloledwa izi, izi ayi. Wophunzira naye aulule kumapeto kwa ntchito kuti ndidagwiritsa ntchito pulogalamu yakuti pochita chakuti. Magazini asayansi adayamba kale kutero: a Nature adalengeza mu Januwale 2023 kuti ChatGPT singalembedwe ngati mmodzi wa olemba nkhani, chifukwa singayankhe mlandu zolembazo zikapezeka zolakwika, ndipo woigwiritsa ntchito ayenera kunena poyera. Muyeso wosavuta kunyamula m'mutu ndi uwu: ngati ungachite manyazi kuuza mphunzitsi mmene wagwiritsira ntchito makinawo, wadumpha kale malire.

Makina ogwira makina anzake

Ambiri akamva zonsezi amati yankho n'losavuta, tigule pulogalamu yozindikira zolemba za AI. Apa ndipo ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene mwana wosalakwa angathe kuvulala.

Mapulogalamu ozindikirawa saona chimene chidachitika m'chipinda cha wophunzira. Amayeza ngati mawu a m'nkhani ali oloteka, kutanthauza ngati mawu alionse ndi omwe aja ongoyembekezereka pamalopo, ndiponso ngati ziganizo zikufanana utali ndi kamangidwe. Zikakhala choncho amati mwina walemba ndi makina. Tsono ganizirani mmene amalembera munthu amene Chingerezi adachiphunzira m'kalasi mokha. Amasankha mawu amene akuwadziwa bwino, amaopa kuyesa zachilendo, amabwereza kamangidwe kamene aphunzitsi a Fomu 3 adamuuza kuti n'kolondola. Kusamala kwakeko ndiko kumamuonetsa ngati makina. Akatswiri a ku Stanford University adayesa zimenezi mu 2023. Adatenga nkhani 91 zolembedwa ndi anthu enieni pa mayeso a Chingerezi a TOEFL n'kuzipereka kwa mapulogalamu ozindikira asanu ndi awiri. Pa avereji, 61 pa 100 zidanenedwa kuti n'za makina, ndipo nkhani 89 mwa 91 zija zidakodwa ndi pulogalamu imodzi kapena kuposerapo. Nkhani za ana a sukulu a ku America zidadutsa pafupifupi zonse. Chondipweteka kwambiri n'chakuti atauza ChatGPT kuti ikometsere mawu a nkhani za TOEFL zija, zokodwa zidatsika kwambiri. Ndiye kuti msampha ukugwira wolemba yekha, wodziwa kuseweretsa makina n'kudutsa.

Eni ake a ChatGPT adayesa kupanga chozindikira chawo mu Januwale 2023. Adavomereza okha kuti chimagwira 26 pa 100 ya zolemba za makina, n'kumanamizira 9 pa 100 ya zolemba za anthu, ndipo mu Julayi chaka chomwecho adachichotsa. A Turnitin adatulutsa chawo mu Epulo 2023, n'kunena kuti chimalakwitsa kosafika kamodzi pa 100. A Vanderbilt University ku America adawerengera kuti mu 2022 adatumiza mapepala 75,000, choncho kamodzi pa 100 ndi mapepala 750 a anthu ongonamiziridwa, ndipo mu Ogasiti 2023 adachizimitsa. University of Cape Town idachitanso chimodzimodzi mu 2025. Ndipo kufunsa ChatGPT yomweyo kuti kodi ndiwe udalemba izi n'kopanda pake, chifukwa imangolota yankho. Mphunzitsi wina ku Texas adayesa zimenezi mu Meyi 2023, makinawo n'kuvomera ntchito za ana amene adalemba okha.

Choncho nambala yotuluka pa kompyuta yakuti 80 peresenti singakhale umboni wochotsera munthu sukulu. Ikhoza kukhala chifukwa chomuitanira kuti mucheze naye, basi. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wakuti chigamulo chomukhudza chochokera ku ofesi chitsate malamulo ndi ndondomeko yachilungamo, ndiponso kuti apatsidwe zifukwa zake molemba. Umboni wogwirika ulipo, ndipo ndi wakale: buku lotchulidwa limene kulibe, mawu oikidwa m'kamwa mwa wolemba amene sadawanene, wophunzira wolephera kufotokoza ndime yake yomwe. Kwa ophunzira ndikuti sungani zolemba zanu zoyambirira, manotsi a m'kope, zithunzi za masamba amene mudawerenga. Tsiku lina zidzakuimirani mboni.

Zotheka ndi anthu 300 m'kalasi

Kuletsa kudayesedwa. Sukulu za boma za mumzinda wa New York zidatseka ChatGPT mu Januwale 2023, pofika Meyi zidatsegulanso. Mu Julayi chaka chomwecho mayunivesite 24 a Russell Group ku Britain adagwirizana zophunzitsa ophunzira ndi aphunzitsi kagwiritsidwe ntchito koyenera, ndipo mu Seputembala UNESCO idatulutsa malangizo ake kwa maboma. Kuno kuletsa kungakhale kungodzinamiza, chifukwa palibe angalowe m'kachipinda ka ku Chikanda kukaona za mu WhatsApp ya munthu.

Njira imene ine ndikuiona yanzeru ndi ya University of Sydney, yogawa ntchito zochongedwa panjira ziwiri. Njira yoyamba ndi ya ntchito zochitikira pamaso pa mphunzitsi, monga mayeso a m'holo, kufunsidwa pakamwa, ndi zoyesayesa za mulabu. Izi ndizo zimatsimikizira kuti munthuyu akudziwadi. Njira yachiwiri ndi ya ntchito zotengera kunyumba, kumene amangovomereza kuti AI ilipo, n'kumaphunzitsa kuigwiritsa ntchito moulula. Ife mbali yoyambayo sitidaitaye, mayeso a cholembera ndi pepala akadalipo. Pamene pabooka ndi pa malikisi a m'kati mwa semesita, amene ambiri amachokera ku ma asayinimenti, ndi pa kafukufuku wa chaka chomaliza.

Kufunsa pakamwa ndiye mankhwala amphamvu, chifukwa mphindi zochepa zimakwana kuti udziwe ngati munthu akuidziwa ntchito yake. Koma tiwerengere. Ophunzira 300, aliyense mphindi 10, ndi maola 50 a mphunzitsi mmodzi pa asayinimenti imodzi, ndipo ali ndi makalasi ena, kafukufuku wake, ndi mulu wa mapepala oti achonge. Aliyense wonena kuti aphunzitsi angolimbikira ayambe wayankha za maola 50 amenewa. Chotheka ndi kusankha mwamaere ophunzira 30 pa ntchito iliyonse, aliyense adziwiretu kuti maere akhoza kumugwera, kapena kulembetsa ndime imodzi m'kalasi yofotokoza chifukwa chimene adasankhira mfundo zake. Kuchepetsa ma asayinimenti kuti otsalawo achongedwe mozama kungathandizenso kuposa kugula pulogalamu ya madola.

Kufooka kwa makinawa pa za kwathu kuli ndi phindu lake kwa mphunzitsi wa ku Zomba. Nyumba yosungira mbiri ya dziko lino ili m'tauni momuno, ndipo muli mafayilo a nthawi ya atsamunda amene sadafikepo pa intaneti. Ofesi yowerengera anthu ndi chuma, ya NSO, ili momuno. Msika waukulu, bwalo la milandu, mtsinje wa Likangala, nkhalango ya paphiri, zonsezi n'zoyenda wapansi. Funso lakuti fotokozani zoyambitsa kukwera mitengo kwa zinthu makina amaliyankha m'kuphethira kwa diso. Funso lakuti tsatirani mtengo wa thumba la makala pamsika kwa milungu inayi, chezani ndi ogulitsa atatu, kenako yerekezani ndi zimene buku likunena, limafuna mapazi. Wofuna kupeka akhozabe kupeka, koma bodza lake limafuna mayina a malo ndi masiku, ndipo zotere sizichedwa kugwidwa.

Chenjezo limodzi kwa ochita kafukufuku: mawu amene agogo a kumudzi adakuuzani mutawalonjeza chinsinsi, mukawaika mu pulogalamu yotere kuti ikufupikitsireni, mwawatumiza ku makompyuta a kampani yakunja. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, ndipo ngakhale lamulolo likadapanda kukhalapo, lonjezo lidaperekedwa. Aphunzitsi nawo nkhaniyi isawadutse. Amene akukonzera manotsi kapena ndemanga za pa mapepala ndi makina omwewa aziulula, chifukwa ana amazindikira msanga, ndipo lamulo lomanga mbali imodzi salilemekeza.

Usiku uja ku Chikanda magetsi atayaka, ine ndi mphwanga tidayamba kusaka mabuku asanu aja limodzilimodzi. Atatu tidawapeza, ngakhale limodzi mwa iwo silimakamba za Chilwa n'komwe. Awiri sadapezeke paliponse, chonsecho mayina a olemba ake adali omveka ngati a anthu odziwika. Mnyamatayo adakhala chete kanthawi, kenako adati, "Ndikadapereka zimenezi, amalume, akadati ndapeka ndine."

Loweruka lotsatira ndidamupatsa ya thiransipoti, adapita ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Adacheza ndi mayi wina woyanika matemba amene adamusimbira za 1995, chaka chomwe nyanja idauma mpaka anthu kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi, ndi mmene amuna ambiri adathawira ku nyanja zina kusiya akazi ndi ana. Adaona zimbowera, timisasa ta asodzi tomangidwa pa udzu woyandama, zimene m'ndime zisanu ndi imodzi zija mudalibe. Adalemba yekha masamba anayi, kenako adapempha makina kuti amukonzere galamala yokha, ndipo kumapeto adalemba mzere woulula zimenezi. Powerenganso adapeza kuti paliponse pamene adalemba kuti zimbowera, makinawo adachotsa n'kuikapo mawu a Chingerezi otanthauza maboti ogonamo alendo. Adawabwezeretsa onse pamalo pake, n'kuwonjezera chiganizo chofotokoza mmene amamangira chimbowera, monga mmene mayi uja adamuuzira.